Chikasu Chimene Chinakana Kuchoka

Pa shopu yokonza ndi kusindikiza zithunzi imene ankagwirapo ntchito ankamutchula Diso, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa limene anam'patsa makolo ake. Ntchito yake inali ya pa kompyuta: kuchotsa ziphuphu pankhope za akwatibwi, kuwongola mitundu ya zikwangwani, kuyeretsa mano a anthu amene anayambana ndi mswachi kalekale. Ukamubweretsera mapepala awiri oyera, ankakuuza kuti ili lapendekera ku buluu, ili ku chikasu, iwe n'kumangogwedeza mutu ngati ukuona. Matama ake ankatopetsa, koma ntchito ankaidziwa, apo tisanamizane.

Chimene chinkamuvutitsa chinali sikirini yake. Inali itakalamba, ndipo sikirini ikakalamba imayamba kuthira chikasu pa chilichonse, pang'ono ndi pang'ono. Pali kachipangizo koyezera mitundu kamene kamawongola zimenezi, koma Diso ankati iye sakafuna. Munthu wotchedwa Diso n'kumapempha makina kuti amuonere? Chikasucho ankachichotsa yekha mongoyerekeza ndi maso, mpaka dzanja linazolowera. Akangoona chikasu, chala chinkathamanga chokha kukachichotsa mutu usanaganize n'komwe.

Kunyumba anali ndi khanda, mwana wawo woyamba, wamkazi. Ankamutcha Kanjiwa chifukwa cha kaphokoso kamene ankachita akakhuta. Diso ankachoka m'mawa mwana ali mtulo n'kubwerako dzuwa litalowa, ndiye Kanjiwa amene iye ankamudziwa anali wa pansi pa babu la kuchipinda.

Tsiku lina asanavule n'komwe nsapato, mkazi wake anamuitana kuchipindako.

“Bambo a Kanjiwa, tabwerani mumuone mwanayu m'maso. Masana akumaoneka achikasu.”

Diso anawerama, anayang'ana, kenako anayang'ana babu, n'kuseka.

“Mayi a Kanjiwa, babu ili ndi lachikasu. Makatani munagula awa, achikasu. Ngakhale ine mutandiyang'ana muno mundipeza ndikudwala.”

“Ndanena masana. Panja.”

“Panja khoma la mpanda wathu ndi la mtundu wanji? Kuwala kumanyamula mtundu wa chimene kwagundako. Zimenezi ndiye ntchito yanga.”

“Nanga matewera? Chimbudzi chake chikumatuluka chotuwa ngati choko chonyowa. Nachonso ndi khoma?”

“Mwana wongoyamwa mukufuna azitulutsa chiyani? Ndi mkaka umenewo.”

Ananena motsimikiza ngati dokotala, pomwe za makanda sankadziwa ngakhale kumanga thewera. Mkaziyo sanakhutire. Anaimbira mkulu wake, namwino wa kutauni ina yakutali, n'kuika foni pokweza mawu. Namwinoyo anati makanda ambiri amabadwa ndi kachikasu kamene kamatha kokha, koma Kanjiwa anali atapitirira mwezi, ndipo pamsinkhu umenewo chikasu si chosewera nacho.

“Munditumizire chithunzi chooneka bwino, chojambula panja masana, maso ali otsegula. Zikakhala monga ukunenera, mawa lomwe kuchipatala, osadikira.”

Foni ya mkazi wake inali yosweka galasi, zithunzi zake zinkatuluka ngati wajambula m'nkhungu. Diso anati musavutike, alamu, chithunzi ndikonza ine. Anabwereka kamera ya kuntchito, Lamlungu masana anamujambula Kanjiwa pakhonde ali mu shawelo yake yoyera, maso ali tong'o. Lolemba m'mawa anaika chithunzicho pa kompyuta. Shawelo yachikasu, khoma lachikasu, maso achikasu.

“Sikirini iyinso,” anatero, n'kutsonya.

Anachotsa chikasu pa chithunzi chonse mpaka shawelo inayera. M'maso munali mutatsalabe, ndiye anakulitsa nkhopeyo n'kuwapukuta mmene ankapukutira maso a mkwatibwi aliyense wolowa pa shopu ija. Sanaganize zobisa kanthu, ayi. Chithunzi chosakonza sichinkachoka pa tebulo pake, basi. Anachitumiza, ndipo yankho silinachedwe: maso ali mbee, mtima pansi, za matewerazo mukazinene tsiku la kusikelo. Tsikulo linali likadali kutali.

Mkazi wake anasiya kuzinena. Chithunzicho anachiika pamwamba pa foni yake, kuti ikangoyaka chizioneka. Koma nthawi zina Loweruka Diso ankamupeza ataima pawindo ndi mwana, akumuyang'anitsitsa m'maso, ndipo akamuona ankachoka pawindopo msanga ngati wagwidwa akuba shuga.

Panadutsa masabata angapo. Kenako kuntchito kunavuta. Mkwatibwi wina anabweza zithunzi zake zonse, akuti diresi lake linali loyera koma latuluka ngati analichapira pamodzi ndi jinzi yatsopano. Abwana, mwini shopu, sanafune zokambirana. M'mawa mwake anafika ndi kabokosi.

“ADiso, lero maso anu apume. Iyeze sikiriniyi ndi aka.”

Kanali kachipangizo kakang'ono kakuda, ka chingwe chachitali. Mnzake woyendetsa makina osindikizira, amene ankamutcha Inki chifukwa zala zake sizinkayera, atangokaona anakapatsa dzina la kachule, poti kamamatirira pa galasi. Anayatsa sikirini n'kuisiya kuti itenthe kaye. Anatseka makatani, anazimitsa magetsi a m'chipindamo, n'kulendeweretsa kachule pakati pa sikirini, chingwe chake chitadutsa pamwamba kupita kumbuyo. Mitundu inayamba kubwera umodzi umodzi pansi pa kachule: wofiira, wobiriwira, buluu, kenako yotuwa yambirimbiri, kuchokera ku wakuda mpaka ku woyera. Nkhope zawo zinkasintha mtundu pamodzi ndi sikiriniyo. Diso anali atapinda manja, akudikira kuti kachipangizoko kachite manyazi.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” anatero Inki. “Kachule kakumwa kaye.”

Katamaliza, panabwera batani losonyeza mmene sikirini inalili kale ndi mmene ilili tsopano. Abwana anadina. Kale, tsopano. Kale, tsopano. Ya kaleyo inali ngati pepala logonera padzuwa chaka chonse. Atatsegula chithunzi cha mkwatibwi, diresi linali la buluu poyera, losafuna katswiri. Sikirini inkathira chikasu, Diso n'kumachichotsa pa chithunzi chimene chinalibe chikasu, chotsala n'kukhala buluu. Inki anaseka mpaka kugwira khoma.

“Zonse mwakonza miyezi ino muzionenso zisanapite ku makina,” anatero abwana, n'kutuluka.

Diso anakhala pansi makutu akutentha. Lamulo la ntchito yawo ndi lakuti chithunzi choyambirira sichifufutidwa: chokonza chimakhala pachokha, choyambirira pachokha. Ndiye anayamba kuzitsegula ziwiriziwiri. Chikwangwani cha sitolo ya nsapato. Ana a sukulu ya mkaka. Banja lina la pa chikondwerero. Zonse zoyambirira zinali bwinobwino, zimene iye anakonza ndiye zinali zozizira ngati anazijambula m'firiji. Kenako anafika pa dzina la Kanjiwa.

Anatsegula chokonza chija. Shawelo inali yabuluu, monga diresi la mkwatibwi. Maso anali oyera kuposa pepala, kuyera kumene diso la munthu wamoyo silikhala nako. Anatsegula choyambirira.

Shawelo inali yoyera. Khoma linali loyera. Maso a Kanjiwa anali achikasu.

Poyamba anakwiyira kachule. Anati kalakwitsa, kasiya chikasu pakati pa sikirini. Anakokera chithunzicho kumanzere, chikasu chinapita nacho. Anachikokera kumanja, chinamutsatira. Pa pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito pali kachida kotolera mtundu: ukakhudza nako malo, kamakupatsa manambala atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, ndipo malowo akakhala oyera manambalawo amayandikana. Manambala amenewa sachokera pa sikirini, amachokera m'chithunzi mwenimwenimo. Kachidako kanalipo tsiku lija, Lolemba m'mawa, pomwepo pansi pa chala chake. Anakhudza shawelo, manambala anayandikana. Anakhudza diso la mwana, la buluu linagwa pansi. Anakhudza diso linalo, chimodzimodzi. Buluu akachepa chotero, chotsala ndi chikasu, ndipo zimenezi amazidziwa ngakhale wophunzira ntchito wa sabata yoyamba.

Mantha anamugwira, mantha enieni. Inki anali atabwera kumbuyo kwake kuti apitirize kumuseka, koma ataona pa sikirini anasiya.

“Mwana wakoyu? Iwe, masowa ali bwanji?”

Diso anatenga foni. Anatumiza chithunzi choyambiriracho kwa mlamu wake. Foni inalira asanaiike n'komwe pansi.

“Alamu, chithunzi ichi ndi cha lero?”

“Ayi. Ndi chomwe chija.”

“Chomwe chija chiti?”

“Chimene ndinakutumizirani. Chija ndinali nditachikonza. Ichi ndiye mmene chinatulukira mu kamera.”

Diso ankamva phokoso la m'chipatala cha kutaliko, mawilo a bedi akulira pa simenti. Akanakonda atamutukwana.

“Ndiye kuti tsiku lija anali kale chonchi,” anatero namwinoyo, mawu ali pansipansi. “Ndipo chimbudzi chotuwa chija chinali chenicheni. Mayo ine. Tamverani, alamu, ndipo mumvetsetse. Pali kanjira kamene ndulu imadutsa pochoka m'chiwindi. Ana ena kamakhala kotsekeka. Sindikunena kuti ndi zimenezo, sindingadziwe ndili kuno, koma zikakhala zimenezo, chiwindi chimawonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo opaleshoni yake imathandiza mwana akadali wamng'ono kwambiri. Mukachedwa palibenso chokonza. Mwamva? Nyamukani pompano. Chipatala chachikulu, osati chaching'ono. Mutenge thewera limodzi losachapa.”

Sanatsanzike kwa abwana. Potuluka dzanja lake linatola pepala loyera pa mulu wa pafupi ndi makina, iye osadziwa kuti alitengeranji. Anaimbira mkazi wake, foni inangoitana. Anaimbanso, inangoitana. Mu basi anakhala pampando wa pakhomo, ndipo basiyo, monga mabasi amachitira munthu akakhala pa changu, inkaima paliponse, kudikira ngakhale munthu amene akadali kumanga zingwe za nsapato kutsidya kwa msewu. Diso ankayang'ana anthu m'maso. Wolandira ndalama, maso ofiira. Mayi wa pambali pake, oyera. Mwana wa pamiyendo pa mayiyo, oyera, oyera bwinobwino, ndipo anadana naye mwana wosalakwayo. Ankayesa kukumbukira Kanjiwa wa m'mawa uja. Kodi analira? Kodi anayamwa? Anazindikira kuti sanamuyang'ane n'komwe, anangomupsompsona pachipumi mumdima. Foni yosayankhidwa ija inayamba kumuuza zinthu zimene sankafuna kumva, ndipo anatsika basi isanaimitsitse.

Mkazi wake anam'peza kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni, foni itatsala m'nyumba. Matewera anali pa chingwe.

“Mwabwera masana? Kwagwanji?”

“Mwana ali kuti?”

“Wagona. Bambo a Kanjiwa, mukundiopsa.”

Analowa kuchipinda. Makatani aja anali otseka, chipinda chonse chili chachikasu monga mwa masiku onse. Kanjiwa anali chagada, timanja tili m'mwamba. Diso anaima kaye osapuma mpaka anaona kachifuwa kakukwera ndi kutsika. Anamunyamula n'kutuluka naye panja, pamthunzi wa khonde pomwe kuwala sikunama. Anatulutsa pepala loyera lija, n'kuliika pafupi ndi tsaya la mwana. Kanjiwa anatsegula maso, akudandaula kuti amudzutsa.

Pepala silinkafunika n'komwe. Chikasu cha pa chithunzi chija chinali chopepuka. Ichi chinali chitakhwima, chikupendekera ku kubiriwira. Anamutsegula kakamwa ndi chala, nkhama nazo zinali chimodzimodzi. Mwanayo anamugwira chalacho n'kuyamba kuchiyamwa.

“Mwaona chiyani?” anafunsa mkazi wake, madzi a sopo akudontha m'zigongono.

“Zimene munaona inu.”

Mkaziyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangopukuta manja pa chovala chake, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama cha mwana chimene chinali cholongedza kale, buku la kusikelo lili pamwamba. Chinali chitakhala cholongedza kuyambira liti, Diso sanayerekeze kufunsa.

“Alamu akuti titenge thewera losachapa,” anatero.

“Lilimo.”

Kuchipatala chachikulu mzere unali wautali, koma namwino wa pakhomo atasuzumira m'maso mwa Kanjiwa n'kutsegula kapepala ka pulasitiki ka thewera lija, anawadutsitsa onse. Diso, amene tsiku lina akananyadira kudumpha mzere, apa anangotsatira pambuyo ali ndi mantha. Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wosachedwa ndi malonje. Anamugoneka mwana, anamukanikiza pamimba kumanja pansi pa nthiti, anakhalitsa pamenepo, kenako anayang'ana thewera.

“Mayi, munayamba kuona zimenezi liti?”

“Kalekale, adokotala. Asanakwanitse mwezi ndinkaona kale.”

“Nanga munachedweranji?”

Sanafunse mokalipa, koma funsolo linagwa ngati mwala. Mkazi wa Diso ndiye anayankha.

“Tinatumiza chithunzi kwa achemwali anga, ndi anamwino. Anati maso ali bwino. Ndiye ndinati mwina ndine, mwana woyamba, mantha.”

Anali kudziimba yekha mlandu, pamaso pa mwamuna wake. Diso akanatha kukhala chete. Koma anatulutsa foni yake, anatsegula zithunzi ziwiri zija n'kuziika pa tebulo la dokotala.

“Si iwo, adokotala. Ichi ndi chimene ndinajambula. Ichi ndi chimene ndinatumiza. Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi. Ndinkaganiza kuti chikasucho chikuchokera pa sikirini, ndiye ndinachichotsa.”

Dokotala anayang'ana chimodzi, anayang'ana china, anamuyang'ana Diso pamwamba pa magalasi. Analoza choyambiriracho.

“Ichi musachifufute, chitithandiza kudziwa pamene zinayambira. Chiwindi chatupa. Titenga magazi, timuunika pamimba lero lomwe, ndipo mugona konkuno. Ngati njira ya ndulu yatsekeka, tikamba za opaleshoni sabata ino. Sindikunamizani: nthawi sinathe, koma yatsala yochepa, ndipo imene yapitayo ikanatithandiza kwambiri.”

Anawatulutsa kuti akadikire pa benchi ya m'khonde la chipatala pomwe anamwino ankakonza za magazi. Anakhala moyandikana, mwana ali pa bere. Mkaziyo anatambasula dzanja, Diso anam'patsa foni. Anayang'ana zithunzi ziwirizo nthawi yaitali. Diso ankadikira kulira, kapena mbama, chilichonse.

“Mukudziwa chimene ndinkachita?” anatero mkaziyo, osamuyang'ana. “Ndikamuona masana mtima n'kuyamba kuthamanga, ndinkatenga foni yanga n'kuyang'ana chithunzi chanu chija. Ndinkadziuza kuti kamera sinama, bambo ake amadziwa mitundu, achemwali aona. Ndinkati maso angawa ndiye akudwala. Tsiku lililonse, bambo a Kanjiwa. Ndinkaika mwana apa, foni apa, n'kukhulupirira foni.”

“Pepani,” anatero Diso, ndipo liwulo linamveka laling'ono ngakhale kwa iye mwini.

“Chinali chokongola,” anatero mkaziyo, n'kumubwezera foni. “Ntchito mumaidziwa.”

Chitseko chinatseguka. Namwino anati alowe kholo limodzi lokha. Mkaziyo anaimirira, anakonza shawelo yoyera ija paphewa la mwana, n'kulowa osacheuka. Patapita kanthawi Diso anamva Kanjiwa akulira, kulira kwa singano, kenako mawu a mayi ake akumutonthoza. Anapeza kuti pepala loyera lija likadali m'dzanja lake, litanyowa ndi thukuta.

Pa benchi pambali pake panatsala foni ya mkazi wake. Inanjenjemera n'kuyaka: uthenga wa mlamu wake, wofunsa ngati afika ndiponso kuti adokotala akuti chiyani. Kuseri kwa mawuwo, pansi pa galasi losweka lija, Kanjiwa ankamuyang'ana ndi maso oyera mbee amene iye anam'patsa. Anadikira kuti foniyo izime yokha, koma uthenga wina unalowa, n'kuyakanso.